Chitenje cha Nsomba pa Kanema

Apongozi ake a Alesi, mayi Agatha, anafika Lamulungu masana akuchokera kutchalitchi ku Mishoni. Asanakhale n'komwe pansi anayamba kale kudandaula.

"Taonani mwana wanga mmene waondera! Kodi kuchikamwini kuno mumamudyetsa, kapena mumangomulimitsa?"

Alesi anawayalira mkeka. Iwo anabwera kudzaona tivi imene mwamuna wake, Nickson, anagula dzulo lake. Tiviyo inachokera mumpunga wa m'munda umene mayi ake a Alesi anamusiyira, koma apongoziwo ankangoti "tivi ya mwana wanga".

Tsikulo Alesi sanafune mkangano. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kanema wa phwando la nyimbo la Tawina Mulomba, limene linachitikira mu Zomba mwezi wa Meyi. Anakamuikitsa m'foni ku Songani, ndipo anamuonera mpaka kuloweza. Ankadziwa pamene nsambo ya gitala inadukira, Tawina n'kuseka. Ankadziwa pamene mawu ake anasasira, iye n'kungolozetsa maikolofoni kwa anthu, khamu lonse n'kumuyimbira, "Usandisiye pamlatho." Nyimbo yomweyo pawailesi inali yosalala ngati mbale yatsopano, koma pa kanemayu munali thukuta ndi kupuma kwa munthu. Vuto linali lakuti pafoni yake yong'aluka nkhope za anthu zinkaoneka ngati nthangala za mpunga.

"Lero ndimuona Tawina bwinobwino," anatero Alesi akulowetsa kakhadi ka m'foni mwake mu tivi.

"Tiike za kwaya, amayi alipo," anatero Nickson mofulumira.

"Zakwaya mwamva m'mawa, bambo a Lisa. Paja munandilonjeza kuti kuphwando la Tawina tidzapita limodzi, koma tsikulo munandisiya ndikuinga mbalame m'munda, inu mukuperekeza amayi kukazonda odwala ku Jali. Ndilekeni ndionere pano."

"Nyimbo za m'mabala," anang'ung'udza mayi Agatha. Koma ng'oma zitayamba, chala chawo chakuphazi chinayamba kugunda mkeka.

Tawina anatulukira pakati pa magetsi ofiira, wamkulu ngati ali m'nyumba momwemo. Alesi anagwira pachifuwa. Nyimbo itafika pamene mawu anasasira, wojambula anatembenukira kukhamu, ndipo nkhope zija zinayamba kuoneka imodziimodzi.

Kutsogolo kwenikweni kunali Nickson. Maso anatsinzina, kukamwa kuli yasa, akuyimba ndi mtima wonse. Dzanja lake linali m'chiuno mwa mtsikana wina.

Nickson anadumphira limoti, koma Alesi ndiye anayamba kuigwira. Anaimitsa kanemayo pomwepo.

"Ameneyo si ine. Anthu amafanana."

"Ndi malaya omwe amafanana? Amene ndinakusitirani ine?"

Kenako maso a Alesi anatsikira m'chiuno mwa mtsikanayo. Chinali chitenje chobiriwira cha nsomba zachikasu. Pakona pake panali chigamba chimene mayi ake anasoka okha ndi ulusi wofiira, miyezi ingapo asanamwalire. Alesi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amayi, chitenje chija munabwereka kuti mukazondere odwala, munati chinatani?"

"Chinabedwa pachingwe."

"Wakubayo ndi uyu. Tiyeni kupolisi."

"Jenifa si wakuba!" anakalipa mayi Agatha, kenako n'kudzigwira pakamwa.

"Ohoo! Mpaka dzina mukulidziwa."

Poona kuti pobisala patha, mayiwo anaimirira n'kumangitsa nsalu yawo. "Eya, ndikumudziwa! Ndinamupezera ndine. Mwana wanga akhale kapolo wa mpunga wanu mpaka liti? Jenifa wavomera kukakhala kwathu ku Malemia. Nsalu chabe ndiye mukutiturutsira maso?"

"Nsalu chabe?" Misozi inatsika, koma mawu ake sananjenjemere. "Mayi anga anandisiyira munda ndi chitenjecho. Mundawo wakudyetsani inu. Chitenjecho mwakaveka mkazi mnzanga, ine ndikupsa ndi dzuwa, kukuwa ndi mbalame ngati wamisala!"

"Mayi a Lisa, tikambirane," anatero Nickson atagwada. "Anandikakamiza amayi. Ine sindinkafuna."

Alesi analoza tivi. "Tayang'anani nkhope ya munthu wokakamizidwayo. Chikwatirane sindinakuonenipo mukusangalala chonchi."

Analowa kuchipinda, chitseko n'kuchimenyetsa mpaka dothi linayoyoka pakhoma. Anatuluka ndi bulangete lakale ndi kathumba ka zovala, n'kuziponya pakhonde.

"Munabwera ndi zimenezi. Ankhoswe akakupezani ku Malemia."

"Nyamula tivi yako, tizipita!" analamula mayi Agatha.

Alesi anaima kutsogolo kwa tiviyo. "Aikhudze aone. Ndiitana mudzi wonse udzaonere pamene ndaimitsapa, ndi amayi a Mvano anzanu omwe. Akaone kumene mumakazonda odwala."

Nickson anabweza dzanja. Anatola bulangete lake n'kutuluka atawerama. Mayi ake anamutsatira akutukwana chapansipansi.

"Amayi!" anawaitana Alesi ali pakhomo. "Mwana wanu mutenge, ndakupatsani. Koma chitenje changa chibwere mawa, chochapa."

Atazimiririka kuseri kwa nthochi, Alesi anakhala pamkeka n'kulira mpaka kukhosi kunauma. Kenako anapukuta m'maso n'kutola limoti. Nkhope ya Nickson inachoka, wojambula anabwerera kwa Tawina, amene ankaseka thukuta lili kamukamu, atatambasulira dzanja kukhamu.

Alesi anakweza mawu a tivi mpaka malata ananjenjemera. Mawu ake anali osasa ngati a Tawina, koma nyimboyo anaiyimba mpaka kumapeto.