Ababa Amamva Ng'ombe Koma Samva Yunisi

Yunisi ankakhala ku Nsaru. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake azimuyankha.

Bambo ake ankagwira ntchito pachigayo. Chigayo chinkalira tsiku lonse. Madzulo bambo ankabwera ali mbuu ndi ufa. Ankakhala pakhonde n'kumakonza njinga yawo.

Tsiku lina Yunisi anaima kumbuyo kwawo.

"Ababa," anaitana.

Bambo sanacheuke.

"Ababa."

Sanacheukebe.

Kenako ng'ombe inalira kukhola. Bambo anacheuka. Amalume a Henry anaodira ali kumsewu ndi mawu awo a besi. Bambo anayankha msangamsanga.

Yunisi anakwinya nkhope. Yunisi si mwana woti ungamupusitse. Ng'ombe akuimva. Amalume akuwamva. Nanga iye bwanji?

"Akungonamizira," anatero mumtima.

Mtima unamupweteka. Anaganiza kuti bambo ake sakumukondanso.

Mawa lake anawatchera msampha. Amayi anakazinga zitumbuwa. Pa nkhani ya zitumbuwa, bambo sankaseka ndi munthu. Chitumbuwa chawo chinali m'mbale, kumbuyo kwawo. Yunisi ananena kuti achidya. Ananenanso kachiwiri. Bambo sanacheuke. Yunisi anadya chonse.

Bambo anapapasa m'mbale. Anapezamo mafuta okha. Anathamangitsa galu, galu wosalakwa.

Yunisi anakayikabe. Kodi munthu anganamizire mpaka kutaya chitumbuwa? Mwina. Akuluakulu ndi ochenjera.

Anasiya kuwalankhula. Anayamba kuwazonda. Anabisala kuseri kwa khola, diso lili pa bambo.

Njinga yamoto inadutsa. Bambo anamva.

Anapiye analira pafupi ndi phazi lawo. Bambo sanamve.

Bingu linagunda kutali. Bambo anamva.

Foni inalira m'thumba mwawo, tiri-tiri, tiri-tiri. Bambo sanamve.

Foni? Foni ndiye ayi. Bambo sankalola kuti ilire kawiri. Yunisi anathamangira kwa amayi.

"Amayi, ababa amamva mawu a besi okha. Samamva timawu tating'ono."

Amayi anasiya kuswa mtedza. Anati nawonso ankayesa kuti bambo akuwanyalanyaza.

Koma atawauza zimenezi, bambo anakana. Anati makutu awo ndi abwinobwino. Anati anthu a masiku ano amangolankhulira pansipansi. Amayi sanatsutse. Anangotenga foni yawo n'kuimba. Foni ya bambo inalira m'thumba. Bambo anapitiriza kukana. Yunisi analoza thumbalo. Bambo anatulutsa foni. Inali ikuwala, ikulira. Bambo anavomera kupita kuchipatala.

Lolemba anakwera minibasi onse atatu. Anapita kuchipatala. Anapeza adokotala a makutu, dzina lawo a Lilian.

A Lilian anaveka bambo mahedifoni m'makutu. Anawauza kuti akamva kulira akweze dzanja. Pa mawu a besi, dzanja linakwera. Pa timawu tating'ono, dzanja linangokhala pabondo.

Yunisi ankawayang'anitsitsa. Ankakayikabe pang'ono. Bambo anatsinzina. Anatchera khutu mpaka thukuta linatuluka. Munthu wonamizira satuluka thukuta choncho.

A Lilian anaonetsa Yunisi chithunzi cha khutu. Anati mawu amalowa m'khutu. Amagunda kachikopa konga ka ng'oma. Kachikopako kamagwedeza timafupa titatu. Timafupato timagwedeza madzi. Madziwo ali m'kanthu kopindika ngati chigoba cha nkhono.

M'madzimo muli titsitsi tambirimbiri. Ndi tating'ono kwambiri, sitioneka ndi maso. Madzi akagwedezeka, titsitsi timagwedezeka. Tikagwedezeka, mtsempha umauza ubongo. Pamenepo munthu amamva.

A Lilian analoza pakhomo pa chigobacho. Anati titsitsi ta pamenepo timamva timawu tating'ono. Kenako analoza mkati mwenimweni. Anati ta mkatimo timamva mawu a besi. Phokoso la chigayo linawononga ta pakhomo.

"Mawu a Yunisi ndi aang'ono," anatero a Lilian. "N'chifukwa chake amakudutsani, makamaka akakhala kumbuyo."

"Kodi titsitsito timameranso?" anafunsa Yunisi.

"Ayi, mwanangu. Sitimeranso."

Yunisi anamva chisoni. Anamvanso manyazi. Bambo sankanamizira ayi.

Koma a Lilian anati tambiri tikadalipo. Anapatsa bambo zotsekera m'makutu. Anati azivala tsiku lililonse pachigayo. Yunisi naye anamupatsa ntchito. Azilankhula ali kutsogolo kwa bambo. Azilankhula bwinobwino, osathamanga. Bambo azimuona pakamwa.

Atafika kunyumba, bambo anakhala pakhonde. Yunisi anabwera kutsogolo kwawo. Anawagwira bondo. Bambo anamuyang'ana pakamwa.

"Ababa, ndimayesa simundikondanso."

Bambo anamva mawu onse. Anamunyamula n'kumukhazika pamiyendo. Anati nawonso ankadandaula. Ankadabwa kuti mwana wawo wasiyiranji kuwalankhula.

"Tandiitana," anatero bambo.

"Ababa."

"Undiitanenso."

Yunisi anawayang'ana mokayika. "Kodi simunamve?"

"Ndamva, Yunisi. Koma ndikufuna ndimvenso."