Mkango Wogogoda Pachitseko

Noemi ankakhala mumzinda wa Buenos Aires. Ankafuna kunyamula nawo madengu pa chikondwerero cha Purimu. Chaka chatha anamukaniza, ati anali wamng'ono. Chaka chino amayi ake analola.

Pa Purimu, ana a Chiyuda amavala zoseketsa. Noemi anavala ngati mkango. Kumaso anavala chigoba. Unali mkango woonda ndithu, wa mchira wa chingwe.

Ku sunagoge anthu ankalongedza madengu a mabanja osowa. Ankaikamo mpunga, mafuta ndi shuga.

"Tamvera, mwanangu," anatero amayi. "Uziika dengu pakhomo. Uzigogoda. Kenako uzithawa, kuti wolandira asachite manyazi."

Pakhomo loyamba, Noemi anaika, anagogoda, anathawa. Pakhomo lachiwiri, anaika, anagogoda, anathawa. Pakhomo lachitatu, anaika, anagogoda. Koma mchira uja unakola pa chitsulo cha masitepe. Noemi anakoka, koma ayi ndithu.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka Perla, mnzake wa m'kalasi. Bambo ake a Perla ntchito inali itawathera. Noemi sankadziwa.

"Ndiwe Noemi," anatero Perla. "Nsapato zakozo ndikuzidziwa."

Perla anayang'ana dengu lija. Kenako anayang'ana pansi.

"Ukauza anthu kusukulu eti?"

Noemi anamva chisoni kwambiri. Sankafuna kutaya mnzake. Anavula chigoba chija.

"Sindikauza munthu," anatero.

Kenako anapisa m'thumba. Anatulutsa kaphukusi. Munali mabisiketi a ngodya zitatu ndi maswiti.

"Denguli ndi la ku sunagoge. Koma aka n'kanga. Pa Purimu mabwenzi amapatsana zakudya zamitundu iwiri. Ndiye zanga zili kuti?"

"Ife tilibe kanthu," anatero Perla. "Kwatsala lalanje limodzi ndi kabuledi."

"Lalanje ndi buledi. Ziwiritu zimenezo. Bweretsa msanga, mkango wafa ndi njala."

Perla anayesa kudzigwira, koma anaphulika kuseka. Anathamangira m'nyumba.

Amayi a Noemi, omwe ankamvetsera ali m'munsi atanyamula dengu lomaliza, anakwera masitepe. Bambo ake a Perla anatuluka. Anamasula mchira uja.

"Lowani, lowani," anatero bambowo. "Mkangowu ukuluma kapena ayi?"

"Ukuluma malalanje okha," anayankha amayi.

Onse anakhala patebulo. Perla anasenda lalanje. Aliyense analandira kachigawo kake. Linali lowawasa, koma Noemi anadya mpaka kunyambita zala.

"Tiyeni tizipita," anatero amayi. "Latsala dengu limodzi."

Perla anaimirira. "Kodi inenso ndingathandize nawo?"

"Bwanji osatero, mwanangu? Vala nsapato."

Perla ananyamula dengu lomaliza. Linali lolemera. Noemi anafuna kugwira mbali ina.

"Siya," anatero Perla akumwetulira. "Ili ndikapereka ndine."