Mkazi wa Beseni Padooko

Elisha anali wojambula, wa mtundu uja amene penti imamufika mpaka m'makutu. Ankajambula Shire basi: asodzi, okumba mchenga, owolotsa anthu, n'kumakagulitsa zithunzizo ku Nchalo. Ndipo pa dooko lililonse limene ankajambula ankajambulaponso mkazi wake Maureen, beseni m'manja, kudikira nsomba. Anthu ankamuseka kuti anadyetsedwa.

Chithunzi chimodzi sanachimalize. Munali Geresomo wowolotsa anthu, mchimwene wa Maureen, akupalasa bwato pakati pa madzi. Gombe munalibe, penti inali itatha. Asanagule ina, namondwe wa Freddy anatenga Geresomo ndi bwato lake lomwe. Mtembo sunapezeke.

Tsiku lina madzulo, Maureen atagona msanga, Elisha ankatsuka maburashi pakhonde. Magetsi anali atazima. Mwadzidzidzi achule onse anangoti zii. Kunabwera fungo la matope. Kenako madzi kudontha, tho, tho, chonsecho mvula kunalibe.

"Alamu."

Pansi pa mtengo wa nimu panaima munthu, nkhafi paphewa. Nkhope sinkaoneka, koma mawuwo Elisha ankawadziwa bwino.

"Alamu, ine ndaneta. Munandisiya pakati pa madzi. Ndikocheze kuti?"

Mantha anamugwira, inde, koma chisoni chinaposa. Munthu kupalasa miyezi yonseyi osafika! Anatulutsa chithunzi chija, nayatsa tochi ya foni, n'kuyamba kujambula dooko la kwawo. Mutu sunkagwira, ndiye anangowasiya manja achite zimene anazolowera. Mchenga. Bango. Mkazi wa beseni.

Atadzutsa mutu, pansi pa nimu panalibe munthu. Analowa m'nyumba, anapeza Maureen ali m'tulo, nayenso anagona.

Kutacha, chitseko chinali chotsekula. Pamene anagona Maureen panali ponyowa. Elisha anayang'ana chithunzi chija. Padooko panatsala beseni lokha. Bwato linali litatembenuka, likubwerera pakati pa mtsinje, Maureen atakhalamo, akucheuka.

Anathamangira kudooko akukuwa. Beseni analipeza pamchenga, louma bwinobwino. Asodzi anasaka m'bango monse mpaka ku Chiromo, koma sanapeze ngakhale chitenje.

Kuyambira pamenepo palibe chimene Elisha sanayese. Wajambula chingwe chokokera bwatolo, wajambula chilumba kutsogolo kwake, abusa abwera kudzapemphera. Penti imangoyenderera ngati wapaka pamadzi. Kuotcha chithunzicho sangathe, poti mkazi wake ali momwemo.

Oyandikana nawo amanong'onezana kuti Geresomo sanabwerere mlongo wake ayi, ankangofuna pokocheza. Koma moyo wake wonse sanasiyepo munthu akudikira padooko, ndiye akanayamba tsiku limenelo?

Elisha m'mawa uliwonse amatulutsa chithunzicho padzuwa n'kuyeza ndi chala. Bwato likunka licheperachepera. Nkhope ya Maureen yatsala ngati njere ya mapira, ndipo akucheukabe.