Wopaka Migolo pa Msewu wa ku Fayumu

Wagdi, mwana wanga wachiwiri, ananyamuka ku Giza dzuwa litalowa kale. Ndinamuuza kuti agone, koma mwanayu makutu ake ndi okongoletsera mutu basi. Anakweza mkazi wake Nagat ndi khanda m'galimoto, ulendo wa kwawo ku Fayumu.

Pakati pa chipululu galimoto inatsokomola n'kuzima. Madzi anali atatsala botolo limodzi, ndipo dzuwa la kumeneko likatuluka silisiya khanda lamoyo. Wagdi anatsekera awiriwo m'galimoto, n'kuyamba ulendo wapansi kukafuna thandizo.

Kalekale, phula lisanabwere, mabwana a kalabu ya eni galimoto ndiwo ankasamala njirayo. Anaimika migolo yopaka njereza kuti oyendetsa asasochere, n'kulemba anthu oyendera msewu kufunafuna ovutika. Kalabuyo itasiya, migolo inachita dzimbiri.

Usiku umenewo mphepo inakwirira phula ndi mchenga. Wagdi anayenda, nayenda. Pansi panayamba kufewa. Anacheuka, galimoto sinkaoneka. Kutsogolo mchenga. Kumbuyo mchenga. Msewu kulibe...

Kenaka anamva kanthu kakukhula chitsulo. Khwe... khwe...

Anali bambo wachikulire, wa chipewa cha kalabu, atagwada akupaka mgolo. Sanatukule mutu.

"Mtendere ukhale nanu, bambo," anatero Wagdi.

"Ndi iwenso. Ndiwe membala?"

Wagdi anayankha kuti ayi, ndi mphawi chabe wa galimoto yakutha.

"Zilibe kanthu. Mchenga sufunsa baji. Ukupita kolakwika, mwanawe, uko kulibe munthu. Migolo izikhala kumanzere kwako. Ine ndizitsogola."

Ananyamula ndowa yake n'kulowa mumdima. Mapazi ake sankamveka. Wagdi anapeza mgolo wina, woyera, wonyowa. Wina patsogolo. Winanso. Wopakayo osamupezanso! Kunkangomveka khwe... khwe... chapatali. Anafuna kuthawa, koma akanathawira kuti? Anaganiza za khanda, n'kumangotsata.

Kusanache anatulukira pa phula, pafupi ndi nyumba ya tiyi yomwe amaimapo a malole. Mmodzi wa iwo anabwerera naye kugalimoto ija. Anapeza Nagat akuyamwitsa, mkwiyo uli tho, koma onse ali bwino.

Atabwera kudzandifotokozera, ndinali ndikusenda anyezi. Ankafuna kukamupeza bamboyo, akamupatse nkhosa. Ndinamufunsa ngati munthuyo ankatsimphina mwendo wakumanja. Anati inde.

"Ndiye nkhosayo ukapatse amasiye, mwananga," ndinatero. "Amenewo ndi a Bishara, wantchito wa kalabu ija, ankakhala kuseri kwathuku. Anapita kukafuna galimoto ya bwana wina yomwe inali itasochera. Bwanayo anafika yekha kwawo n'kugona, osauza munthu. A Bishara anapezeka atafa patatha sabata, pafupi ndi mgolo. Kumaliro kwawo ndinapita ndili ndi pathupi pako."