Manja a goloboyi wa Mphenzi Stars

Chaka chimene Rufunsa inakhala boma palokha, Dabwitso wa ku Chinyunyu anali ndi nsapato imodzi yosewerera mpira, ya kumanzere. Ya kumanja ankachita kubwereka. Anali goloboyi wa timu ya m'mudzi, ndipo chakudya chinkachokera m'makala amene ankagulitsa m'mbali mwa msewu waukulu. Mkazi wake Eness anali ndi pakati.

Mnzake wokulira naye limodzi, Wesley, ankasewera mu Mphenzi Stars ya mu Lusaka. Timuyo inayambidwa ndi amakanika a m'magalaja, ndipo pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi inali isanaposepo nambala leveni pa ligi. Inagwapo kawiri, n'kukweranso mokwawa. Komabe inkalipira, moti Wesley anali ndi kagalimoto.

Tsiku lina anaima pa makala paja, n'kutsitsa galasi.

"Boyi, ukadali kugwira makala? Kwathu tifuna goloboyi, mayeso ndi Loweruka. Koma ukasambe, ungatidetsere bola."

Anagula thumba limodzi n'kusiya chenji. Chenjiyo ndiyo inamuwawa Dabwitso kuposa mawuwo.

Pa madzi otentha a Chinyunyu pankakhala mayi wina wogulitsa mazira owiritsa, Ba Ketrina. Anthu ankanong'onezana kuti mayiyo amadziwa zambiri kuposa mazira. Dabwitso anapitako dzuwa lili paliwombo.

"Mufuna mazira, ba goloboyi, kapena mufuna chimene mwabwerera?" anafunsa mayiyo osatukula mutu.

"Ndifuna mpira uzindimvera."

"Mpira sumva. Amamva ndi manja. Mundigulitsa?"

Dabwitso anaseka. "Nanga ine ndizigwira ndi chiyani?"

"Mukhala nawo ndithu. Koma chamoyo chilichonse cha pakhomo panu chimene manjawo agwira, ndi changa. Nkhuku, mbuzi, munthu. Ine sindisankha."

"Mpaka liti?"

"Makala mukagulitsa, mumawalondola kuti abwerere liti?"

Anamuuza apise manja pamene madzi amabwadamuka, pomwe mazira amapsera. Dabwitso anapisa. Madziwo anamuzizira ngati a m'mamawa mwezi wa Juni.

Loweruka lija palibe anamugoletsa. Chaka choyamba Mphenzi Stars inathera pa nambala sikisi, itagoletsedwa zigoli khumi ndi zinayi zokha. Chachiwiri nambala firii, chachitatu nambala thuu. Dabwitso anagula nyumba kumayadi ndi galimoto yoposa ya Wesley.

Koma kumudzi zinayamba msanga. Ulendo woyamba atabwera, mbuzi yawo inadula chingwe, iye n'kuigwira mwendo. Dzuwa lisanalowe inali itauma gwa. Ulendo wachiwiri galu wake anamulumphira mokondwa, iye n'kumusisita pamutu. Anamukwirira tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo manja ankakhala m'matumba, ndipo banja lake anakana kulitengera kutauni.

Mwana atabadwa anamutcha Mwaka. Tsiku lomutulutsa m'nyumba, apongozi anamubweretsa kuti bambo ake amulandire monga timachitira. Dabwitso anabwerera m'mbuyo, nati ali ndi chimfine.

"Chimfine cha zaka zingati?" anadzafunsa Eness patapita nthawi. "Mpira mumaukumbatira pa TV dziko lonse likuona. Mwana wanu ndiye ali ndi minga?"

Mayi ake a Dabwitso atagonekedwa m'chipatala ku Mpanshya, anatambasula dzanja kuti mwana wawo aligwire. Iye anaika envulopu ya ndalama pabedi, manja n'kuwabweza kumbuyo. Mayiwo anatembenukira kukhoma, ndipo sanamuyang'anenso mpaka kumwalira.

Maliro atatha anapita kwa Ba Ketrina.

"Mayi, zakwana. Masulani manja anga."

Mayiyo anapitiriza kusenda dzira. "Mbuzi ndi galu chabe? Nyumba ya kumayadi imagulidwa ndi mbuzi? Pitani mukasewere, ba goloboyi. Ine sindifulumira."

Chaka chachinayi Mphenzi Stars inatenga ligi, koyamba m'mbiri yake. Masewero makumi atatu, inagonja amodzi okha. Akuluakulu a timu anati chikho chikaonekere kwawo kwa goloboyi, ndipo anabwera nacho pa lole yotsegula mpaka ku Chinyunyu. Kunadzaza anthu, ana asukulu, ogwira ntchito ku boma, ngakhale mabasi opita kum'mawa anaima. Dabwitso anatsika n'kuima pambali, manja m'matumba.

Wesley, amene sankadziwa kanthu, anamuona Mwaka atakakamira chitenje cha mayi ake. Mwanayo anali ndi zaka zitatu.

"Bwera kuno, ka bwana! Ugwire chikho cha adadi ako!"

Anamukweza pamwamba pa lole. Mwanayo anatambasula manja kuti afikire chikho, phazi n'kuterereka m'mphepete.

Goloboyi saganiza chinthu chikamagwa. Zaka zonse amaphunzitsidwa kuti asaganize. Dabwitso anauluka, n'kumuwakha mwanayo asanafike pansi.

"Wagwira! Wagwiranso!" anthu anakuwa, malikhweru ndi nthungululu. Eness analira ndi chimwemwe, chifukwa aka kanali koyamba kuona mwana wake m'manja mwa bambo ake.

Mwaka anaseka, n'kumuyang'ana kumaso. "Adadi, manja anu ozizira."

Kutsidya kwa msewu Ba Ketrina anali kulongedza mazira awo m'beseni, dzuwa likadali pamwamba.

Mwanayo anayamba kuwodzera pomwepo. Anathamanga naye pa galimoto, koma asanafike ku Mpanshya anali atapita. Pathupi pake panalibe bala ngakhale limodzi.

Chaka chotsatira Mphenzi Stars inagoletsedwa zigoli makumi asanu ndi limodzi mphambu chimodzi, inathera pansi penipeni, n'kugwa. Sinakwerenso. Eness anabwerera kwa makolo ake. Pa madzi otentha paja anayamba kugulitsa mazira ndi anthu ena.

Dabwitso alipo. Mukamadutsa pa Chinyunyu mudzaona munthu ataima pakati pa mitengo iwiri, manja atawakulunga m'masaka a makala. Amayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako amadziponya m'fumbi kuwakha chinthu chimene ena sitichiona. Ana akamuyandikira, iye ndi amene amathawa.

Abale anga, umphawi umawawa, ndipo kusekedwa ndi mnzako kumawawa koposa. Koma chuma cha mankhwala amalipira ndi a pakhomo pako, ndipo wosankha woti alipire si iwe. Dabwitso akadapirira ndi makala ake, lero bwenzi akunyamula mwana wake ndi manja akuda omwewo.