Ng'oma Imene Inamva Kuzizira

Mailosi anali mwana wa ku Mlolo, ku Chadiza. Anali ndi timanja tating'ono. Koma timanjato tinkadziwa kuimba ng'oma!

Mailosi ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukwera sitima ya pamadzi. Sitimayo ankangoiona m'buku la kusukulu. Ku Mlolo kulibe nyanja. Kuli timitsinje toti ndi mbuzi zomwe zimawoloka.

Tsiku lina aphunzitsi analowa m'kalasi akumwetulira.

"Ana inu, tikupita ku nyanja ya Kariba!" anatero. "Tikakwera sitima. Tikacheza ndi ana a Chitonga. Iwo akativinira gule wawo. Ife tikawavinira chimtali."

"Nanga ng'oma akaimba ndani?" anafunsa Ebelesi, mtsogoleri wa ovina.

"Mailosi!" onse anakuwa.

Mailosi anathamangira kunyumba. Atate ake anamubwereka ng'oma yawo.

"Pita, mwanawe," anatero atate. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ng'oma iyi imakonda moto. Ikazizidwa, siilankhula. Uziiwamba pamoto."

"Ndamva, atate," anayankha Mailosi.

Ana anakwera basi. Anayenda, anayenda. Anadutsa Chipata. Anayenda, anayenda. Anadutsa Lusaka. Kenaka anaona madzi. Uku madzi, uko madzi!

"Mayo ine!" anakuwa Mailosi. "Madzi onsewa anatunga ndani?"

Sitima inali yaing'ono ndi yoyera. Pamwamba pake panali mbendera ya Zambia. Oyendetsa sitimayo anali a Langton, bambo a ndevu zambiri.

"Lowani, lowani," anatero a Langton. "Koma lamulo ndi limodzi. Muno moto ayi. Ndi machesi omwe ayi."

Injini inalira. Gu, gu, gu! Sitima inanyamuka. Mtima wa Mailosi unadumpha ndi chimwemwe.

A Langton anawaonetsa zilumba. Anawaonetsa mvuu zikuyasamula. Anawaonetsa mitengo youma itaima m'madzi. Mailosi anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Za ng'oma anaiwaliratu.

Kenaka kunabwera mitambo. Kunabwera mphepo. Funde lalikulu linamenya sitima. Khwaa! Ana ananyowa, nayamba kuseka. Nayo ng'oma inanyowa.

Mailosi anaipukuta ndi malaya. Anaiyesa ndi dzanja.

Phu. Phu.

Anaiyesanso.

Phu. Phu.

Ng'oma inali itazizidwa. Sinalankhule.

"Taona, mudzi wa ana a Chitonga uja ukuoneka!" anatero Ebelesi. "Anthu adzaza pagombe. Popanda ng'oma tikavina bwanji? Tikachita manyazi, Mailosi."

Mailosi anathamangira kwa a Langton.

"Bambo, ndikoleze kamoto kakang'ono?"

"Moto ayi, mwana wanga."

"Kakang'ono kwambiri?"

"Ndi kakang'ono komwe ayi."

Mailosi anayang'ana kumwamba. Dzuwa kunalibe. Anamva chisoni chachikulu. Ananyamula ng'oma yake. Anapita kumbuyo kwa sitima kuti anzake asaone misozi. Anakhala pansi. Anatsamira chitsulo.

"Mayo!" Anadumpha ngati wakhalira linthumbu.

Chitsulocho chinali chotentha! Unali mpope wotulutsa utsi wa injini. Mailosi anasisita msana wake. Anayang'ana mpope. Anayang'ana ng'oma. Misozi inauma pomwepo.

"Bambo! Bambo!" anaitana. "Moto mwakana. Nanga mpope uwu?"

A Langton anabwera. Anakanda ndevu zawo. Kenaka anaseka.

"Umenewo si moto," anatero. "Yesa. Koma usaukhudzenso."

Mailosi anayandikiza ng'oma ku mpope. Anaitembenuza pang'onopang'ono, monga amachitira atate. Ana onse anamuzungulira.

Anaiyesa.

Phu. Phu.

Mudzi unayandikira. Mailosi anatembenuzanso ng'oma. Anaiyesa.

Mbu. Mbu.

"Ikudzuka!" ananong'ona Ebelesi.

Mudzi unayandikira kwambiri. Mailosi anatembenuza, anatembenuza. Anaiyesa.

Mbi! Mbi! Mbiti-mbi!

"Yalankhula!" anakuwa ana onse.

Ebelesi sanadikire kufika. Anayamba kuvina musitima momwemo. Aphunzitsi anaomba m'manja. A Langton anapukusa mapewa, ndevu zili gwede gwede. Anthu a pagombe anamva ng'oma sitima isanaime. Nawo anayankha ndi ng'oma zawo.

Ana a Chitonga anavina gule wawo. Analiza malipenga a nyanga. Ana a ku Chadiza anavina chimtali. Kenaka anasakanikirana. Fumbi linali koboo!

Mailosi atabwerera ku Mlolo, amayi analuluta. Atate analandira ng'oma. Anaiyesa ndi chala. Mailosi anawafotokozera za mvuu, za funde, ndi za lamulo la a Langton.

"Moto anakana?" anadabwa atate. "Nanga unaiwamba ndi chiyani?"

"Ndinaiwamba ndi sitima, atate!"

Atate anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ine ndakalamba ndikuwamba ng'oma," anatero. "Koma izi ndiye sindinazimvepo."

Anaiyang'ananso ng'oma ija. Kenaka anaiika pamiyendo pa Mailosi.

"Ng'oma iyi yayenda kuposa ine," anatero atate. "Yamudziwa mwini wake. Kuyambira lero ndi yako."

Mailosi anaikumbatira. Kenaka anatukula timanja take tija.

Mbi! Mbi! Mbiti-mbi!