Kanema wa Malemu Abednego

Chimene chinayamba kumudabwitsa Lovemore ndi galasi. Kanemayo, wakalekale uja wotupa kumsana, anali atafa zaka zambiri, koma pomunyamula m'nyumba ya mayi ake ku Mitundu, galasi lake linali lofunda ngati pampando pamene munthu wangochokapo. Iye anangoti ndi dzuwa, chonsecho m'chipindamo dzuwa silinkalowa.

Kanemayo anali wa bambo ake, malemu a Abednego, amene anaikidwa m'manda mvula itangoleka. Chimwalirire bambowo, mayi ake, a Enelesi, anayamba kufooka. Chakudya ankangolawa, miyendo inayamba kukana, ndipo madzulo aliwonse ankakhala pamphasa n'kumayang'ana kanema wakufayo, duu, mpaka mdima. Lovemore, yemwe ankakonza mawailesi ndi mafoni pa Nathenje, zinamuwawa mumtima, poti ankaona kuti mayiwo akupita. Anaganiza kuti akusowa choonera, ndipo akawakonzera kanemayo n'kumaona makwaya, mtima ubwerera m'malo. Kuwafunsa sanawafunse. Anthu a mawaya ndi otero, amayesa chilichonse chozima chimafuna kuyatsidwa.

Mlongo wake Martina anamugwira mkono pakhomo.

"Achimwene, sitinamete kachiwiri," ananong'ona. "Katundu wa malemu satuluka m'nyumba mwambo usanachitike. Mwiniwake akadali pafupi."

"Sindikugawa ine, ndikukakonza," anatero Lovemore, uku akumangirira kanemayo panjinga yamoto. Mayi anali m'tulo.

Atafika kushopu anatsegula kumsana kuja, n'kupezamo fumbi, zisa za mavu ndi mphemvu zouma. Asanagwire kanthu anachita zimene mmisiri aliyense amachita: anakhudza m'kati ndi sikuludiraiva yomangirira waya, kuti achotse moto wotsalira, poti moto umenewo umagwetsa munthu. Kanema wogona zaka zonsezo sakanakhala nawo. Koma kunamveka kuti phaa! ndipo mkono unachita dzanzi mpaka m'phewa.

Lovemore ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa shopuyo. Usiku umenewo, maminibasi atasiya kuliza mahutala pamsewu, agalu nawonso atatopa, anamva benchi la makasitomala likulira, kweee, pang'onopang'ono, monga limachitira munthu wolemera akamakhalapo. Kenako kunamveka kupuma kokoka. Anaunika ndi foni, osaona kanthu.

Tsiku lotsatira mdima unamupeza akuwotcherera mawaya, magetsi n'kuzima. Kuwala kwa mwezi kunalowera pamng'alu wa chitseko. M'galasi lakudalo anaona shopu yonse itapindika: mashelefu, iye mwini ndi chimutu chachikulu, ndipo kumbuyo kwake, pabenchi, munthu wovala chipewa, manja ali pamawondo. Anacheuka. Benchi lokhalokha. Atayang'ananso m'galasimo, chipewacho chinali chitatembenukira kwa iye.

Lovemore, amene ankaseka anzake oopa mizimu, anakagona pakhonde la golosale limodzi ndi mlonda, ati m'nyumba mukutentha. Kutentha mwezi wa Juni! Pamsika nkhani inali itafala kale. Amayi ogulitsa tomato ankati m'shopumo mumamveka nkhalamba ikutsokomola, ena ankati mnyamatayo wayamba zokhwima.

Martina anaimba foni, mawu ali pansipansi.

"Achimwene, amayi akukana ngakhale phala. Akungoyang'ana patebulo pamene panali kanema paja, akuti mwapita nawo kuti."

Munthu wina akanafunsa kuti akunena ndani. Koma safunsa anadya phula. Lovemore anangomva kuti afulumire. Anasintha zonse zopsa, kanemayo n'kuyaka, ndipo dzuwa likulowa anali atafika naye ku Mitundu.

Martina anawadzutsa mayiwo n'kuwatsamiritsa kukhoma. Anali atatha, mafupa okhaokha. Koma kanema atangoikidwa patebulo, nkhope yawo inawala. Anasuzumira m'galasi lakudalo n'kumwetulira.

"Mwabwera?" anatero motsitsa.

"Ndabwera, amayi. Taonani izi," anayankha Lovemore mokondwa, ndipo anadina batani.

Kanemayo anang'ung'udza, galasi linayera, kwaya ya zovala zoyera n'kuyamba kuimba. Mayiwo anakuwa ndi mawu amene ana awo anali asanawamvepo.

"Zimitsa! Iwe mwanawe, zimitsa!"

Anazimitsa. Kuwalako kunachepa, kunachepa, kunasanduka kadontho pakati, kenako n'kuzimirira. A Enelesi anakwawira patebulo, n'kuyamba kufunafuna m'galasimo, ngodya ndi ngodya. Munali anthu atatu okha.

"Munali abambo ako m'menemu," anatero misozi ikutsika. "Madzulo onse timaonana. Amandiuza kuti ndisafulumire, ndiyambe ndakhala ndi ana. Tsono iwe wawatulutsa ndi kuwala kwakoko. Akhala pati?"

Manyazi ndi mantha zinamugwira Lovemore limodzi. Kenako chitseko, chimene Martina anakhoma yekha, chinayamba kutseguka pang'onopang'ono, kunja kulibe ngakhale kamphepo.

Mayi amene anali atasiya kuyenda aja anaimirira okha, osagwira khoma. Anamanga chitenje bwinobwino, maso ali pakhomo.

"Musandisiyenso," anatero. "Ndadzuka."

Lovemore anawagwira dzanja kuti awabweze, koma dzanjalo linali litazizira kale.